Jekete ya munthu wofuna umeya

Lachiwiri lapitali, dzuwa likuswa mtengo, pakhonde pomwe ndimasokera panafika kasitomala ndi jekete m'jumbo. Inali ya pakaunjika, yotuwira, nsalu yake yabwino ndithu, koma mwini wake woyamba kumene inachokerako anali munthu wa mapewa ngati chitseko. Akuti ndibweze m'mapewamo, ndidule manja pang'ono, ikhale itatha pofika Lachisanu chifukwa Loweruka ali ndi msonkhano. Nditadzutsa mutu pamakina ndinapeza kuti ndi achimwene ena ake omwe tinakulira dera limodzi kutsidya kwa mlatho, ku M'baluku kuno ku Mangochi, amene masiku ano nkhope yawo yamatidwa pa mitengo ndi pa makoma a magolosale. Akufuna ukhansala, ndipo sabisa kuti akaupeza adzapikisananso nawo pa mpando wa meya.

Dzina lawo sinditchula, chipani chawonso ayi. Ndinayesapo kutchula chipani pa tsamba lino kamodzi, anthu anatukwanizana masiku atatu mpaka ena kufika pokumba za agogo anga omwe sanawaonepo. Amene mumakhala kuno mwawadziwa kale. Amene muli ku Joni funsani kunyumba.

Ntchito ya utelala ili ndi ubwino umodzi: munthu ukamuzunguliza tepi amaima phee, manja atatambasula, sangathawe funso. Ndayezapo andale angapo pa zaka zomwe ndakhala pakhonde pano, ndipo kope langa la miyeso limadziwa zambiri. Pali ena omwe anabwera ndi chiuno cha 32 nthawi ya kampeni, patatha zaka ziwiri n'kutumiza mwana ndi thalauza yomweyo kuti ndiimasule mpaka 38. Achimwene awa ndawalemba 33. Tsamba limenelo ndilisunga.

Ndiyambe ndi kumene anachokera, chifukwa ambiri amangowadziwa ngati mwini kashopu ka zipangizo za njinga. Bambo awo anali msodzi pa nyanja ya Malombe, nthawi imene chambo chinali ndiwo wamba, chosafuna kuti munthu alandire kaye malipiro. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambo cha ku Malombe chinatha ngati bodza, maukonde n'kumangobwera ndi kambuzi, ndipo mabanja ambiri a kwathu anagwa nacho limodzi. Iwo anasiyira sukulu panjira n'kupita ku Makawa kukakhala mlovi, wantchito wokoka ukonde, pa boti la munthu wina. Kenako anakwezedwa kukhala siginala. Kwa inu akumtunda, siginala ndi munthu amene amakhala yekha m'bwato usiku ndi nyale, kukopa usipa kuti usonkhane pansi pa kuwalako, kenako n'kupereka chizindikiro kuti anzake aponye ukonde wa chilimira. Akafulumira, ukonde umabwera wopanda kanthu. Akachedwa, usipa umabalalika. Anthu khumi amadya kapena kugona ndi njala malinga ndi maso a munthu mmodzi ameneyu, ndipo akalakwitsa mausiku awiri otsatizana palibe amene amamufunsa maganizo, amangopeza bwato lili ndi wina.

Pambuyo pake anachita zomwe anyamata ambiri a kuno amachita, anakwera ulendo wa ku Joni. Anakhala ku Durban zaka zingapo akugwira ntchito m'shopu, kugona anthu asanu chipinda chimodzi, kutumiza kangachepe kunyumba. Anabwerako mu 2015 pa mabasi aja boma linatumiza kukatenga Amalawi nthawi ya zipolowe zothamangitsa alendo. Ndimakumbukira tsiku lomwe anafika chifukwa mayi awo anadutsa pakhonde pano akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Anabwera ndi chikwama chimodzi basi. Ndalama zomwe anali atatumiza kale ndi zomwe anatsegulira kashopu kaja, ndipo ali ndi ana kale anabwerera m'kalasi masana, kukhala pa desiki limodzi ndi ana a msinkhu wa adzukulu a alongo awo, mpaka analemba mayeso a Fomu 4. Anthu ankawaseka. Inenso ndinaseka nawo, ndisaname.

Ndiye nditawaika tepi m'mapewa ndinawafunsa funso lomwe limandivuta chisankho chilichonse. "Achimwene, mukuvutikiranji ndi mpando umene ife sitivotera n'komwe?"

Apa pamafunika kulongosola, chifukwa ngakhale anzanga apakhonde ena amaganiza kuti pa tsiku lovota pamakhala pepala la meya. Palibe. Ife timasankha khansala wa wodi yathu. Makhansalawo akalumbira amakumana pamodzi ndi aphungu a m'deralo n'kusankha khansala mmodzi kukhala meya, wina wachiwiri wake, ndipo mpandowo ndi wa zaka ziwiri ndi theka, kenako amasankhanso. Komanso meya si amene amasunga buku la ndalama kapena kulemba anthu ntchito. Ntchito ya tsiku ndi tsiku imayendetsedwa ndi mkulu wa ofesi ndi antchito ake, anthu olembedwa ntchito, osati ovoteredwa. Meya amatsogolera zokambirana, amavala unyolo uja pa zochitika, amalandira alendo. Lamulo la maboma aang'ono linabwera mu 1998, makhansala oyamba pansi pa lamuloli tinawasankha mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala opanda khansala ngakhale mmodzi mpaka 2014. Zaka zisanu ndi zinayi. Ana anabadwa n'kufika Sitandade 3 osadziwa kuti khansala ndi chinyama chanji. N'chifukwa chake mpaka lero munthu akafuna chitoliro cha pa ngalande amakagogoda kwa phungu, akafuna bokosi la maliro amakagogodanso kwa phungu yemweyo.

Iwo anaseka, manja ali chitambasulire. Anati zimenezo akuzidziwa bwino, ndipo n'chifukwa chake salonjeza fakitale kapena bwalo la ndege. "Meya alibe thumba," anatero, "koma ali ndi mpando umene akafunsa funso, munthu wa ofesi sanganene kuti bwerani mawa." Anati mphamvu yeniyeni ya mpandowo ndi kusankha nkhani yoyamba kukambidwa ndi kukana kuti ichoke pa tebulo isanayankhidwe.

Nkhani yawo yoyamba ndi ngalande. Ndinayembekezera china chachikulu, koma anati ngalande, ndipo analankhula za ngalande mpaka makala a m'simbi yanga anazima. Tauni yathu inakhala pa chigwa, m'mbali mwa Shire pamene mtsinjewu wangochoka m'nyanja ya Malawi kulowera ku Malombe. Malo ndi a thyathyathya, madzi a mvula alibe kothamangira, ndiye ngalande ikangotsekeka pamalo amodzi msewu wonse umasanduka dziwe. Iwo akuti anayenda wapansi ngalande zonse za m'wodi mwawo ndi kope, kulemba pamene patsekeka ndi chimene chatseka. Pena ndi mchenga, pena munthu anamanga khonde la shopu pamwamba pa ngalande, koma kwambiri ndi majumbo, mabotolo a pulasitiki ndi matewera a ana aja otaya. Chomwe akufuna n'choti ntchito yofukula izichitika mu Okutobala, mvula isanagwe, osati mu Januwale madzi atalowa kale m'nyumba, ndipo kuti anyamata a m'dera lomwelo ndi amene azipatsidwa ganyuyo, chifukwa munthu amene wafukula ngalande ndi manja ake salola neba kutayamo zinyalala akuona.

Pamenepo ndinangoti zii, chifukwa mlandu unandikhudza. Chaka cha mvula yambiri chija madzi anakwera pakhonde pano usiku n'kunyowetsa mayunifomu 40 a sukulu omwe ndinali nditamaliza kale, oyera ndi obiriwira, utoto n'kusakanikirana. Ndinabweza ndalama za eni ake mwezi wathunthu. Ndinadandaula kwa aliyense wofuna kumva. Koma pamene anyamata anafukula ngalande ya kutsogolo kuno, zina mwa zomwe anatulutsa zinali tizidutswa ta nsalu, ndipo ndinatizindikira bwinobwino. Madzi saiwala khwawa, anabwerera kwa mwini zinyalala.

Za zimbudzi analankhula mosaseka. Onse a kuno tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo boma la Mangochi linali limodzi mwa maboma omwe anavutika kwambiri. Nthawi imeneyo achimwenewa anali m'komiti ya amalonda a m'dera lawo, ndipo ndinawaona ndi maso anga akuyenda ndi ndowa ya madzi a kolorini pa njinga, kuima pa malo ogulitsira nsomba ndi pa ziwaya za tchipisi kukakamiza anthu kusamba m'manja. Ena ankawatukwana kuti akufuna kutchuka. Mwina ankafunadi, sindinalowe mumtima mwawo, koma ndowayo inali yolemera chimodzimodzi. Maganizo awo ndi oti pamalo paliponse pamene pamadulidwa chiphaso cha malonda pakhale chimbudzi chogwira ntchito ndi madzi osamba m'manja, ndipo chizitsegulidwa m'bandakucha pamene amayi a nsomba amafika, osati 8 koloko pamene wosunga kiyi wamwa tiyi. Anawonjeza kuti chimbudzi cha pamchenga si chofanana ndi cha kumtunda, dzenje limagumuka ndipo madzi apansi ali pafupi, choncho kumanga motchipa n'kumanga kawiri.

Koma pamene ndinaona kuti munthuyu waganiza ndithu ndi pa nkhani ya ziphaso. Aliyense wogulitsa mumsika amadula chiphaso tsiku ndi tsiku. Mayi wa tomato, mnyamata wa zovala, wa usipa wa pa thandala, onse. Ndalama zimenezo, pamodzi ndi msonkho wa nyumba ndi malayisensi a bizinesi, ndi zomwe tauni imatolera yokha. Iwo akuti anthu samakana kulipira chifukwa cha umbombo, amakana chifukwa saona kumene ndalamayo yapita. Ndiye akufuna bolodi pa geti la msika, lolembedwa ndi choko m'Chichewa ndi m'Chiyao: sabata ino tadula ziphaso zakuti, ndalama zakuti, zagwira ntchito yakuti. Anati anaphunzira zimenezi kunyanja. Boti likabwera, nsomba zimayezedwa pamchenga aliyense akuona, amachotsa za mafuta, za mwini boti, zotsalazo alovi n'kugawana. Palibe mlovi amene angalole kuti mwini boti akawerengere ndalama kuchipinda n'kubwera ndi yankho. "Nanga bwanji mayi wa tomato amalola?" anandifunsa. Ndinalibe yankho, ndinali ndi mapini m'kamwa.

Ndikuganiza kuti bolodi limenelo lingawapezere adani ambiri kuposa china chilichonse chomwe ananena, ndipo n'chifukwa chake ndinalikonda.

Pa za alendo sanachedwepo, ndipo inenso sindichedwapo, ngakhale mtima umandipweteka. Magalimoto a anthu opita kunyanja amadutsa m'tauni muno Lachisanu lililonse, kuchokera ku Liwonde kulowera njira ya ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear. Amaima kuthira mafuta, mwina kugula madzi ozizira, basi. Chonsecho pafupi ndi mlatho pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, pali mfuti ya sitima ya Gwendolen imene mu 1914 inawombera sitima ya Ajeremani pa nyanja yathu yomweyi nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, pali mwala wokumbukira anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946, ndiponso nyumba yosungira za makedzana a nyanjayi. Tauni ino inayamba mu 1891 ngati Fort Johnston, linga lotsekera njira ya malonda a akapolo. Ana athu amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku pa kabaza osadziwa kuti chitsulo chija n'chiyani. Iwo akuti pangofunika kusesa, mabenchi, mthunzi, magetsi a sola ndi achinyamata angapo ophunzitsidwa kufotokoza mbiriyo, kuti munthu wa pagalimoto aone chifukwa choimira theka la ola n'kudya chambo cha kuno m'malo mokadya cha kuhotela. Zimenezi ndazimvapo kwa ena ambiri, ndiye ndinangogwedeza mutu.

Tsopano zimene sizinandisangalatse, chifukwa sindinalembe izi kuti ndiwapangire kampeni, ndipo sanandichotsere kapena kundiwonjezera kalikonse pa mtengo wa jekete.

Ndinawafunsa za akabaza. Mangochi ndi tauni ya njinga, aliyense amadziwa, ndipo tsopano zamoto zachuluka kuposa zakapalasa. Pa mphambano zina m'mawa munthu wokalamba amaima mphindi zambiri kuopa kuwoloka. Anyamata ambiri alibe zipewa, ena anaphunzira kuyendetsa dzulo lomwe. Ndinafunsa ngati angalimbe mtima kuwaikira masiteji okhazikika ndi kuwachotsa pakamwa pa msika. Apa munthu amene anatha ola akufotokoza ngalande anayamba kuyankha mozungulira. Tidzakhala nawo pansi, tidzamva maganizo awo, nawonso ndi ana athu. Zoona, ndi ana athu, wanga weniweni wachiwiri ali pa kabaza. Koma ndikudziwanso kuti akabaza ndi amene amadzaza misonkhano, amaimba mahutala, amanyamula mbendera, ndipo palibe wofuna voti amene amawakhumudwitsa. Ndinawauza m'maso kuti achimwene apa mwathawa. Anati, "Ndathawadi, ndifunseni chisankho chikadutsa." Kuvomerako ndinakuyamikira, koma yankho silinasinthe.

Chinanso ndi malo. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri, madzi analowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za m'mphepete mwa nyanja ndi mtsinje, anthu ena n'kusamuka. Akuluakulu amanena kuti madzi anangobwerera m'malo mwake, ife ndi amene tinawatsatira nthawi imene anaphwa. Tauni imene kalembera wa 2018 anapeza kuti ili ndi anthu opitirira 50,000 ikukulabe, ndipo a ku Joni akatumiza ndalama chinthu choyamba ndi puloti. Anthu akugula m'madambo, akumanga m'njira za madzi. Ngalande zonse zomwe achimwenewa akufuna kufukula sizingathandize ngati kumtunda kwake wina wamanga mpanda pakati pa khwawa. Nkhani imeneyi imakhudza mafumu, imakhudza anthu a ndalama, imakhudza achibale. Iwo anavomera kuti ndi vuto, koma sananene kuti adzagwetsa mpanda wa munthu. Ndipo ndikudziwa kuti mlamu wawo wina ali ndi nyumba pamalo pamene ife tili ana tinkagwira mlamba ndi manja.

Pamwamba pa zonsezi pali masamu a m'chipinda chija. Ngakhale atapambana ukhansala ndi mavoti ochuluka bwanji, umeya udzadalira anthu ochepa okhala mozungulira tebulo, ndipo kawirikawiri zipani zimakhala zitagwirizana kale usiku wake kuti dzanja likwezedwere ndani. Munthu wa kope la ngalande akhoza kugonja kwa munthu wa galimoto. Ndinawauza zimenezi. Anati ngati zitatero adzakhalabe khansala, ndipo khansala naye ali ndi pakamwa m'komiti. Anati bolodi lija akhoza kuliyamba pa kamsika ka m'wodi mwawo ngakhale opanda unyolo m'khosi.

Mkazi wanga, amene amagulitsa mandasi ndi zitumbuwa ndipo amadula chiphaso tsiku lililonse kupatula Lachisanu, nditamufotokozera madzulo anangofunsa chinthu chimodzi: choko cha pa bolodipo adzasunga ndani? Akuti kunyanja alovi amaona nsomba ndi maso awo, koma ziphaso amaziona ndi wodula yekha, ndiye nambala ya pa bolodi ikhoza kukhala yabodza ngati ina iliyonse. Ndinawatumizira funsoli pa WhatsApp usiku womwewo. Anayankha m'mawa kuti mabuku a ziphaso ali ndi manambala otsatizana, ndiye komiti ya amalonda izilemba nambala yoyamba m'mawa ndi yomaliza madzulo, kuchotsera kwake aliyense wa Sitandade 4 angathe. Anawonjeza kuti alamu akhale m'komitimo. Mayi a kunyumba anati aganiza kaye, chifukwa amene amawerengera anzawo ndalama sakhala ndi abwenzi mumsika.

Jekete inatha Lachinayi madzulo. Mapewa anandivuta, ndinachita kumasula lainingi yonse ndi kudula thonje la m'kati, koma inakhala bwino. Anabwera Lachisanu atachoka ku mapemphero a Juma kumzikiti, anaivala pamwamba pa mkanjo, anzanga apakhonde n'kuyamba kuwaitana kuti bwana meya, iwo n'kumakana ndi manja onse awiri uku akudziyang'ana pa kagalasi kanga kosweka ngodya. Analipira ndalama yonse osanenerera, zomwe andale sachita kawirikawiri. Atalandira chenji sanachoke. Anaima pomwepo dzanja lili chitambasulire.

"Lisiti, achimwene."

Zaka zonsezi pakhonde pano sindinaperekepo lisiti kwa munthu. Ndinang'amba pepala kumapeto kwa kope la miyeso, ndinalemba tsiku, "kubweza jekete" ndi mtengo wake, n'kusayina. Analipinda bwinobwino, analiika m'thumba la m'kati la jekete lomwe ndinali nditangolisoka kumene, anakwera njinga yawo n'kulowera kumlatho.